Munthu wapantchito aloledwe kudzikonzera digiri yake, bola pakhale womukaniza

Mu Epulo 2024 akuluakulu a Goddard College, koleji yaing'ono ya ku Plainfield m'chigawo cha Vermont ku America, analengeza kuti sukuluyo itsekedwa. Pakutha pa Juni chaka chomwecho nayo Union Institute & University ya ku Cincinnati m'chigawo cha Ohio inatseka, itavutika kwa miyezi yambiri ngakhale kulipira antchito ake. Sukulu ziwirizi zinatchuka ndi chinthu chimodzi: munthu wamkulu amene ali kale pantchito ankakhala pansi ndi mphunzitsi n'kukonza yekha zimene aphunzire kuti apeze digiri, ndipo ankaphunzira ali kwawo. Goddard ndiyo inayambitsa mu 1963 njira yoti akuluakulu azibwera pasukulu masiku ochepa chabe teremu ikamayamba, kenako n'kubwerera kukapitiriza maphunziro kunyumba polemberana ndi aphunzitsi. Kugwa kwa sukuluzi kwawapatsa pakamwa anthu amene akhala akunena kuti digiri yodzikonzera inali chibwana cha zaka za m'ma 1970 ndipo nthawi yake inatha. Ine ndikuti akulakwitsa. Munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri ayenera kuloledwa kudzikonzera njira ya digiri yake, ndipo mayunivesite ambiri, kuphatikizapo athu, ayenera kutsegula khomo limeneli. Koma ufuluwo uthere pa kusankha zophunzira. Kunena kuti zimene wasankhazo zakwana digiri kapena ayi ikhale ntchito ya yunivesite, ndipo yunivesiteyo isachite manyazi kumubweza.

Tisanapite patali tigwirizane kaye za mmene chinthuchi chimayendera, chifukwa ambiri ochinyoza amaganiza kuti munthu amangodzuka n'kulemba papepala dzina la digiri imene waikhumba. Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi wa Open University ya ku Britain, imene inakhazikitsidwa mu 1969 n'kulandira ophunzira ake oyamba, pafupifupi 25,000, mu 1971. Kumeneko kuli digiri yotchedwa Open degree. Makosi onse anakonzedwa kale ndi yunivesite, ali ndi mayeso ake ndi ochonga ake, ndipo wophunzira amangosankha kuti aphatikize ati ndi ati. Angatenge za bizinesi n'kuwonjezerapo za chilengedwe ndi masamu, bola akwanitse makirediti (mapointi amene munthu amapeza akakhoza kosi) 360, mwa amenewo 120 akhale a gawo lomaliza limene ndi lolimba kuposa onse. Wapantchito nthawi zambiri amatenga makirediti 60 pachaka, ndiye kuti ulendo wonse ndi wa zaka 6. Mtundu wachiwiri umapitirira apa. Ku Empire State, yunivesite ya boma m'chigawo cha New York imene inatsegulidwa mu 1971 pamene Ernest Boyer ankatsogolera mayunivesite a boma kumeneko, wophunzira aliyense amapatsidwa mlangizi. Awiriwo amakonza ndondomeko ya digiri yonse, wophunzira n'kulemba nkhani yofotokoza chifukwa chimene wasankhira phunziro lililonse ndi mmene maphunzirowo akulumikizirana, kenako komiti ya aphunzitsi imawerenga n'kuvomereza kapena kubweza kuti akakonzenso. Ku University of Massachusetts Amherst kulinso pulogalamu yofanana nayo, University Without Walls, imene yakhala ikuyenda kuyambira chaka chomwecho cha 1971.

Chifukwa chachikulu chimene ndikuimira mbali imeneyi n'chakuti digiri ya masiku onse anaikonzera mnyamata kapena mtsikana wongochoka kumene ku sekondale, amene sanaonepo ntchito ndipo ayenera kuyambira pachiyambi pa chilichonse. Kwa iyeyo ndondomeko yokhazikika ndi yabwino. Koma tiyerekeze mayi amene wakhala mlembi wa kopaletivi ya alimi a ng'ombe zamkaka kwa zaka 15. Mabuku a ndalama amawadziwa, misonkhano wayendetsa yosawerengeka, ndipo mkaka wothiridwa madzi amauzindikira asanauyeze n'komwe. Zimene zimamusowa ndi malamulo a makontirakiti, chifukwa kampani yogula mkaka imabwera ndi mapepala amene iye sawamvetsa bwino. Sayansi ya kasungidwe ka chakudya. Ndi luso lowerengera manambala kuti adziwe ngati ngongole ya thanki yoziziritsira mkaka idzabwezedwe. Maphunziro atatuwa amakhala m'madipatimenti atatu osiyana. Akalembetsa digiri ya akawunti amuphunzitsanso zimene wakhala akuchita tsiku ndi tsiku, n'kumupatsa zambiri za makampani akuluakulu zimene sadzazigwiritsa ntchito. Akalembetsa ya zaulimi, za malamulo sazionako. Apa yunivesite ikuchita ngati wogulitsa kaunjika amene akuti sankhani pa zimene zilipo, pamene mayiyu akufuna telala woti amuyeze thupi. Ndipo tisaiwale kuti nthawi yake yowerenga ndi ija yotsala ana akagona. Ola lililonse limene wataya pa phunziro losamukhudza walilanda kwa banja lake kapena kwa tulo take.

Tsopano tiwamve otsutsa, chifukwa mfundo zawo si zopepuka. Yoyamba ndi yakuti munthu sadziwa zimene sazidziwa. Wophunzira akapatsidwa ufulu, akutero iwo, adzathawa zovuta n'kusankha zokoma zokhazokha; woopa masamu adzawazemba mpaka tsiku lovala chipewa. Komanso maphunziro ali ndi makwerero ake amene akatswiri anawayala kwa zaka zambiri, ndipo sungamvetse za chuma cha dziko usanadutse pa masamu ake. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikuumirira kuti pakhale womukaniza. Taonani mmene zilili m'mitundu iwiri ija. Ku Open University munthu sangadzaze digiri ndi makosi a chaka choyamba okhaokha, chifukwa gawo lomaliza lija limamudikira, ndipo amene anazemba maziko amakagwa yekha kumeneko. Ku Empire State nkhani yofotokoza zifukwa ija ndi mayeso pawokha. Kuti ulembe momveka chifukwa chimene digiri yako ya kayendetsedwe ka makopaletivi ilibe phunziro la manambala, uyenera kupeza yankho loti likhutiritse aphunzitsi amene akudziwa kuti yankho loterolo kulibe. Amati safunsa anadya phula, koma m'njira imeneyi munthu amakakamizidwa kufunsa asanayambe n'komwe. Ndiponso ndifunse: ndi angati mwa amene anatsata ndondomeko yokhazikika angafotokoze chifukwa chimene anaphunzirira kosi iliyonse? Ambiri angayankhe kuti inali pa mndandanda basi. Wodzikonzera yekha amatuluka akudziwa chifukwa cha phunziro lililonse, ndipo kudziwa kumeneko ndi gawo la maphunziro.

Mfundo yachiwiri ndiyo yolemera kwambiri, makamaka kwa ife. Amati olemba ntchito saimvetsa digiri yotereyi. Tsegulani nyuzi iliyonse ya kuno pa tsamba la ntchito, mupeza akufuna digiri ya akawunti, digiri ya zaulimi, digiri ya zamalamulo. Munthu wa ku ofesi yolemba ntchito ali ndi mulu wa makalata patebulo, ndipo akaona pepala lopanda dzina limene akulidziwa amaliika pambali osawerenga tsamba lachiwiri. Mmalawi amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain, n'kumaphunzira ndi Open University usiku, ayenera kuganizira zimenezi ngati ali ndi maganizo odzabwerera kumudzi. Sindikana kuti vutoli lilipo. Koma yankho langa lili pawiri. Choyamba, tikukamba za munthu amene ali kale pantchito. Mwana wa zaka 22 alibe china choonetsa kupatula pepala lake, choncho dzina la pepalalo ndi chilichonse kwa iye, ndipo ineyo sindingamulangize kuti adzikonzere digiri. Koma wa zaka 40 amalowa mu intavyu atanyamula zaka 15 za ntchito. Kawirikawiri digiri akuifunira kuti akwezedwe pamene ali kale, monga zimakhalira m'boma kuti munthu waluso amakhala pa giredi imodzi zaka ndi zaka chifukwa alibe pepala lomutsegulira giredi ya PO. Bwana wake amamudziwa, ndipo chimene akufuna kuona ndi umboni wakuti wafika pa muyezo wa digiri. Chachiwiri, malonda a ntchito omwewo nthawi zambiri amawonjezera mawu akuti kapena maphunziro ena ofananirako. Ndiye kuti olemba ntchito anavomereza kale kuti dzina la digiri si lokhalo lofunika. Chotsala ndi chakuti yunivesite iwathandize kuona chimene chili mkati. Ku Empire State digiri yodzikonzera imaikidwa pansi pa gawo lodziwika, monga la bizinesi kapena la ntchito zothandiza anthu, ndipo imakhala ndi mutu wake wofotokoza chimene munthuyo anazamapo. Chikalata cha magiredi chimaonetsa kosi iliyonse. Wolemba ntchito amene sangawerenge tsamba limodzi limeneli asanataye munthu wa zaka 15 za luso, vuto ndi lake, ndipo kampani yake ndiyo ikuluza.

Pali malo amene otsutsa apambana, ndipo apa sindilimbana nawo. Udokotala, unamwino, uloya, uinjiniya wa milatho ndi ntchito zina zofuna layisensi sizidzikonzeredwa. Bungwe la Medical Council of Malawi kapena la Nurses and Midwives Council likanena kuti munthu adutse mwakuti, adutse momwemo, chifukwa amene adzagone pa bedi la chipatala sanasankhe nawo makosi a dokotala wake. Open University nayonso ili ndi madigiri ena okhala ndi mayina ndi ndondomeko zokhazikika za ntchito zoterezi. Koma ntchito zambiri za m'dziko si za layisensi. Oyendetsa mabungwe, a m'maofesi a maboma, a mawailesi, atsogoleri a mipingo, eni mabizinesi, onsewa ntchito zawo zimadutsa malire a madipatimenti tsiku lililonse.

Mfundo yachitatu ndi ya mantha a madigiri abodza. Sukulu zodzikonzera zambiri zimawerengeranso zimene munthu anaphunzira ali pantchito n'kumupatsa makirediti, ndipo otsutsa amati apa ndiye pakhomo pa akuba. Ali ndi chifukwa chonenera choncho. Mu 2015 nyuzi ya New York Times inaulula kuti kampani ya Axact ya ku Karachi, Pakistan, inkayendetsa mawebusayiti mazanamazana a sukulu zosakhalako, n'kumagulitsa madigiri padziko lonse, ndipo nyambo yake inali yomweyi yakuti zimene wakumana nazo pamoyo n'zokwana digiri. Komabe kusiyana kwake n'koonekeratu kwa aliyense wofuna kuona. Wakuba amakupatsa pepala chifukwa cha zaka zimene wakhala pantchito ndi ndalama zimene watumiza. Yunivesite yeniyeni siwerengera zaka, imawerengera zimene ungaonetse kuti ukudziwa. Mayi wa kopaletivi uja ayenera kusonkhanitsa mabuku amene anakonza, kulemba mofotokoza mfundo zimene zili kuseri kwa ntchito yake, ndi kuyankha mafunso a mphunzitsi wa phunzirolo, amene angathe kunena kuti izi n'zokwana kosi imodzi, osati zitatu monga mwapemphera. Munthu angakhale zaka 20 pa desiki osaphunzirapo kanthu, ndipo kuyesa koona kumamugwira. Ndiponso ganizoli si lachilendo kwa ife. TEVETA imayesa amisiri amene anaphunzira ukalipentala kapena kuwotcherera pamanja pa anzawo n'kuwapatsa satifiketi, ndipo ku South Africa malamulo a maphunziro amalola kuwerengera luso lopezedwa kunja kwa kalasi. Ngati tikuvomera kuyesa mmisiri wa zitseko mwanjira imeneyi, chikutiletsa n'chiyani kuyesa mlembi wa kopaletivi? Mankhwala a madigiri abodza ndi kufufuza ngati sukulu ndi yovomerezeka kwawo, ntchito imene kuno ili m'manja mwa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, ndipo munthu wanzeru amafunsa kumeneko asanalipire tambala.

Chachinayi, amati mapanga awiri avumbwitsa. Ntchito uku, sukulu uku, ndiye muwonjezerepo mtolo wodzikonzera njira, munthuyo sadzamaliza. N'zoona kuti ophunzira a patali ambiri amasiyira panjira, ndipo palibe yunivesite ya mtundu umenewu imene inalithetsa vutoli. Koma tiyang'ane chimene chimawagwetsa. Ndi fizi, maliro, matenda, kusamutsidwa pantchito, magetsi, mtengo wa bandulo ya intaneti. Zimenezi zimagwetsanso wophunzira wa UNISA, yunivesite ya ku South Africa imene yakhala ikuphunzitsa anthu ali kwawo kuyambira 1946 ndipo ambiri a ife tili ndi achibale amene anadutsako, ngakhale kuti madigiri ake ambiri ali ndi ndondomeko zokhazikika. Choncho mlandu umenewu ndi wa maphunziro a patali onse, osati wa kudzikonzera. Ndipotu kudzikonzera kumachepetsako zina mwa zogwetsazo. Munthu amene anasiyira koleji pakati zaka 10 zapitazo, kapena ali ndi dipuloma, amapeza malo olowetsapo makirediti akewo m'malo moyambiranso, ndiye ulendo umafupika ndipo fizi imachepa. Komanso phunziro limene ukaliwerenga usiku mawa lake ukukaligwiritsa ntchito mu ofesi silitopetsa ngati lija longofunika kukhoza. Chimene ndivomereze n'chakuti ufulu wopanda wotsogolera umazunguza mutu. Munthu akapatsidwa makosi mazana n'kuuzidwa kuti sankha, angathe teremu yonse akusinkhasinkha. N'chifukwa chake Open University imapereka zitsanzo za njira zimene munthu angatsate pa Open degree, ndipo n'chifukwa chake mlangizi ndiye mtima wa dongosolo la Empire State.

Nanga kutsekedwa kwa Goddard ndi Union? Apa otsutsa akuwerenga umboni mothamanga. Goddard inali ndi ophunzira oposa 1,900 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, koma pofika nthawi yotseka anali atatsala pafupifupi 220, ndipo inali koleji yodziimira payokha yodalira fizi. Ku Vermont komweko Green Mountain College, Southern Vermont College ndi College of St. Joseph zinatsekedwa mu 2019, Marlboro College mu 2020, ndipo zina mwa izi zinali sukulu za makalasi ndi ndondomeko za masiku onse. Chikupha makoleji aang'ono kumeneko ndi kuchepa kwa ophunzira ndi kusowa kwa thumba lotsamira. Kwa Goddard kunawonjezeka china: kale munthu wapantchito wofuna digiri ali kwawo anali ndi malo ochepa opitako, koma intaneti itabwera pafupifupi yunivesite iliyonse yaikulu inayamba kumukopa. Pamene Goddard inkafooka, Empire State, imene ili ndi boma kumbuyo kwake, inakwezedwa mu 2023 kuchoka pa koleji kukhala yunivesite, ndipo Open degree idakalipo. Nkhani ya Union ndiyo ili ndi phunziro lowawa kwa ife ochemerera njirayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Ohio linadzudzula madigiri ake a PhD kuti muyezo wake unali wosakwanira, ndipo sukuluyo inakakamizika kuwakonzanso. Izi ndi zimene zimachitika mlangizi akasanduka mnzako wongovomera chilichonse, komiti nayo n'kumasaina posafuna kukhumudwitsa wolipira fizi. Sukulu imene ikudalira fizi ya wophunzira aliyense kuti ilipire magetsi imavutika kwambiri kumubweza wophunzirayo. Ichi ndi chifukwa chinanso choti ntchitoyi igwiridwe ndi mayunivesite a boma, amene sangagwe chifukwa chokaniza munthu mmodzi.

Kwathu kuno maziko alipo kale. Maphunziro a pamakalata anayamba mu 1965 ndi Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inadzakhala MCDE, ndipo lero Mzuzu University, LUANAR ndi Domasi College of Education zimaphunzitsa anthu ali kwawo, n'kumabwera pasukulu nthawi zina. Koma mapulogalamu amenewa ndi ndondomeko zokhazikika zomwe zija, zongosamutsidwa kuchoka m'kalasi kupita papepala ndi pafoni. Sindikunena kuti tidumphe lero n'kuyamba kulola aliyense kupeka makosi ake. Poyambira pabwino ndi mtundu wa Open University uja, chifukwa sufuna makosi atsopano: yunivesite imodzi ingolola munthu wa zaka zingapo za ntchito kuphatikiza makosi amene alipo kale m'madipatimenti awiri kapena atatu, atalemba zifukwa zake ndipo komiti itavomereza. Chopinga chenicheni chidzakhala cha mkati. Madipatimenti amawerengera ophunzira ngati awoawo, chifukwa ndalama ndi maudindo zimatsata manambala amenewo, ndipo wophunzira wa mbali zitatu alibe mwini. NCHE nayo iyenera kupeza njira yovomerezera dongosolo lokonzera digiri m'malo movomereza mndandanda umodzi wa makosi. Ndipo pali nkhani ya ndalama imene ochemerera anzanga amakonda kuilumpha: mlangizi ndi wodula. Mphunzitsi mmodzi angaphunzitse anthu mazana kudzera pa intaneti, koma sangawerenge mosamala ndondomeko mazana za anthu osiyanasiyana n'kukangana ndi aliyense. Yunivesite yofuna kuyamba iwerengere kaye kuti ili ndi aphunzitsi angati amene ingawamasule ku ntchito zina kuti akhale alangizi, ndipo ilandire ophunzira okwana manja amenewo basi, ngakhale atakhala ochepa kwambiri chaka choyamba.